Shuga wa Njuchi Tsiku la Maliro

Ntchito yolembedwa ndinaiyamba ndili ndi imvi kale. Moyo wanga wonse ndinalima fodya kwathu ku Bowe, m'munda mwanga, popanda wondilamula. Fumbi la m'chigafa litandilowa m'chifuwa, ndinagwetsa chigafacho ndi manja anga, mitengo yake ndinasonkhera moto. Mkazi wanga anali atatsogola. Ana anali kutauni. Ndinapita kukakhala kwa mlongo wanga kufupi ndi Kasakula, ndipo kumeneko ndinasanduka munthu wongodya. Sindinabadwire zimenezo.

Tsiku lina ndinanyamula chimanga cha mlongo wangayo kupita nacho kuchigayo. Chisanu chinali chitangoyamba. Kuseri kwa chigayo kunali mulu wa madeya, ndipo pamuluwo panali njuchi zosawerengeka. Sizinkaluma munthu. Zinkagubuduka m'madeyamo, n'kudzuka zili mbuu ngati ana osewera paphulusa, kenako n'kuuluka pang'onopang'ono kulunjika kuphiri, zolemedwa. Amayi ankazikupiza ndi zitenje. Ine ndinangoima n'kumaziyang'ana mpaka anthu a kumbuyo kwanga anandipitirira pamzere.

"Mzere wakusiyani, bambo," anatero mkulu wina amene anakhala pachitsa, ndodo ili pakati pa miyendo.

"Undisiye. Ndikuona izi."

"Mukuonapo chiyani?"

"Njala. Chinthu chokhuta sichidya madeya."

Anaseka mpaka kutsokomola. Anali a Mbewe, kalipentala wakale, ndipo njuchizo zinkapita ku ming'oma yawo. Miyendo yawo inali itayamba kukana phiri. Ankafuna munthu wa miyendo ndi msana, wosalankhulalankhula. "Anyamata ndawayesa," anatero, "amafuna uchi lero lomwe." Ufa wa mlongo wanga ndinakatula kunyumba, m'mawa mwake ndinali pakhomo pa a Mbewe.

Ming'oma yawo inali yamatabwa, yopanga okha, yayitali ngati mwana wogona, yotambalala kumwamba n'kupanikizika kumunsi. Pamwamba pake pankayalidwa timatabwa tating'ono togundizana, ndipo njuchi zinkamanga chisa chimodzi pansi pa kathabwa kalikonse. Ming'omayo inkalendewera pa mawaya pakati pa mitengo ya misuku ndi mombo, m'mphepete mwa nkhalango, pamalo pamene ukaima umaona mapiri a Ntchisi atagonerana mpaka kutali. Mawayawo tinkawapaka girisi kuti nyerere ndi linthumbwi zisawoloke. Ming'omayo tinkaikweza ndithu kuti chiuli chisafikire.

Zida zinali zochepa. Chofukizira utsi cha chitini, chokhala ndi mvukuto wake. Chitsulo chophwatalala chokanulira timatabwa, chimene a Mbewe anasula kuchokera ku sipuling'i ya galimoto. Nthenga ya nkhanga yosesera njuchi pachisa. Chipewa cha neti. M'chofukizira tinkayatsamo zitsononkho kapena ndowe zouma.

"Fodya wanu uja musadzayerekeze kuikamo," anandiuza tsiku loyamba. "Anakudwalitsani inu, munthu wamkulu. Nanga izi?"

Ndinkaganiza kuti ntchito ya njuchi ndi kufula uchi. Ayi. Kufula ndi masiku ochepa. Ntchito yeniyeni ndi kuzidutsitsa m'chisanu zili moyo. Kuyambira Juni mpaka mitengo itayamba kuphukira, kuphiri kulibe duwa. Udzu umauma, mphepo ya mwera imaomba, nkhungu imakwera kuchokera m'zigwa n'kugona pamitengo. Njuchi zimaunjikana pakati pa mng'oma kuti zifunditse mfumukazi ndi ana, n'kumadya zimene zinasunga. Zikatha, mwina zimathawa zonse tsiku limodzi, mwina zimafera momwemo.

A Mbewe anandiphunzitsa kudziwa njala popanda kutsegula. Umaika dzanja pansi pa mng'oma chakumbuyo n'kunyamula pang'ono. Wolemera umausiya. Wopepuka umauikira mwala pachivindikiro kuti uukumbukire. Kenako umagunditsa khutu pathabwa. Mng'oma wokhuta umalira pansipansi, ngati mvula ikugwa kuseri kwa phiri, yosafika. Wanjala umalira mopyapyala, modukizadukiza. Ine amene ndinakhala zaka zambiri ndikumva mawu a ogula fodya okhaokha, ndinkatha kukhala nthawi yaitali khutu lili pathabwa, maso otseka. Thabwalo limakhala lofunda. Umaiwala kumene uli. Nthawi zina ndinkamva ngati mudzi wathu wakale uli m'menemo, anthu akupuntha mapira kutali, wina akuitana mwana kumadzi. Ndikatsegula maso, pali nkhungu basi, ndi a Mbewe atakhala pamwala, osandifulumiza.

Kadyetsedwe kake ndi aka. Makapu awiri a shuga pa kapu imodzi ya madzi otentha. Sumawiritsa shugayo pamoto, umangotakasa mpaka madzi ayere. Umadikira azizire mpaka chala chizikhalamo bwinobwino. Umathira m'mbale zazing'ono zosazama, n'kuponyamo tizidutswa ta zitsononkho kuti njuchi zizitera, apo ayi zimamira. Mbaleyo umaiika m'kati, kumapeto kwa mng'oma kumene kulibe zisa. Panja ayi, chifukwa njuchi za ming'oma ina zimabwera kudzalanda ndipo pamakhala nkhondo. Ukataya dontho pathabwa, umapukuta. Khomo la mng'oma umalichepetsa ndi kamtengo kuti mphepo ndi akuba asalowe. Madeya osefa, osakaniza ndi ufa wa soya, tinkawaika palichero pansi pa kadenga, kuti zizitengako m'malo mwa mungu.

Lamulo lalikulu linali la nthawi. M'chisanu mng'oma sutsegulidwa m'mawa kapena madzulo. Ukatero kutentha konse kumene njuchi zasonkhanitsa kumatuluka ngati mpweya wa m'kamwa, ana amazizidwa n'kufa. Umatsegula masana okha, dzuwa likaboola nkhungu n'kuyamba kumveka kunja kwa dzanja. Kanthawi kameneko n'kochepa. Kakapita, kapita mpaka mawa.

Chaka changa chachiwiri mvula inasiya msanga, ndipo mitengo ya mchenga inachita maluwa ochepa. Komabe mu Juni tinafula, monga amachitira aliyense kuno. A Mbewe anati chotsalacho tidzakwaniritsa ndi shuga. Anagula thumba lalikulu kwa a Jafali, mwini golosale pa Kasakula, n'kuliimika m'chipinda chawo kuseri kwa chitseko. Akazi awo, mayi Nabanda, sankatapamo ngakhale wa phala. Aliyense pakhomopo ankadziwa kuti ndi la njuchi.

Julayi anabwera woipa. Nkhungu inkagona mpaka masana, kamvula kowaza kosaleka. Pafupifupi mng'oma uliwonse unali ndi mwala pachivindikiro. Ndinkadyetsa mosadumphitsa, mbale zikauma ndinkadzazanso. Pakati pa zimenezi a Mbewe anagwa ndi chibayo. Tinawatengera kuchipatala, ndipo popeza kuchipinda cha amuna kunkafunika mwamuna wowadikirira, ndinakhala ndine. Mng'ono wawo, a Lufeyo, anali kutali ku Chisepo. Ndinkayembekeza kugonako kawiri kapena katatu. Sabata inatha, ina n'kuyamba. Ndinkawatembenuza, kuwamwetsa, kuwasambitsa. Akatsegula maso ankangofunsa chimodzi: "Kuphiri dzuwa latuluka?" Ndinkati latuluka. Pawindo panali nkhungu yokhayokha.

Tinabwerera kumudzi madzulo ena, iwo ali m'nsalu.

M'mawa wa tsiku loika maliro, kusanayere bwino, ndinakwera kuphiri kukangoona. Sindinatsegule. Panalibe chifukwa chotsegulira. Pansi pa makomo a ming'oma panali njuchi zakufa zili mbwee, pamodzi ndi tiana toyera timene zinatulutsa chifukwa chosowa chotidyetsa. Zina zinkakwawa pathabwa zikunjenjemera, zosatha kuuluka. Ndinanyamula mng'oma woyamba, unakwera ngati dengu lopanda kanthu. Ndinagunditsa khutu. Mawu analimo, koma ngati a munthu wolankhula kutulo. Ndinadziwa kuti ming'oma ina ifika mawa, koma yambiri ayi.

Kwathu kuno maliro akagwa, ntchito imaima. Khasu siligwira dothi kupatula la kumanda. Wopita kumunda kapena kumsika mnzake asanaikidwe, mudzi umamulemba mumtima. Ine sindine mwana, ndinkazidziwa bwino zimenezi, ndipo ndinkawanena anthu otere ndi pakamwa panga pomwe.

Nditatsika, ndinapeza thumba lija lili panja, pansi pa mtengo wa mango pamene amayi ankaphikira tiyi wa anthu ogona pamaliro. Analitulutsa ndi a Lufeyo, amene tsopano ndiwo ankayendetsa zonse. Linali litatsika kale ndithu. Ndinawaitanira pambali.

"A Lufeyo, thumba lija ndi la njuchi."

"Njuchi zabwera kudzalira?"

"Zikufa. Zikapanda kudya lero, ntchito yonse ya akulu anu yatha."

"A Mwale, onani anthuwa. Ena achoka ku Chisepo, ena ku Lilongwe, agona pamphepo usiku wonse. Mukufuna amwe madzi otentha chabe? Akapita kwawo azikati kwa a Mbewe, munthu wa uchi, kunalibe ndi shuga yemwe?"

Sanalakwe. Ndimanena mpaka lero kuti sanalakwe. Manyazi a pamaliro sachoka pabanja.

Adzukulu, anyamata okumba manda, anali pafupi akuwotha moto, makasu atatsamiritsa pamtengo. Anamva zonse. Mmodzi anati, "Madala, mukapita kukazipatsa tiyi musaiwale masikono." Wina anati, "Muzifunsenso ngati zimathira mkaka." Anaseka chapansipansi monga amasekera adzukulu.

Ndinapita kusiwa, nyumba imene munagona thupi. Munali amayi okhaokha akuimba. Ndinanjuta pakhonde pafupi ndi chitseko n'kupempha kuti andiitanire mayi Nabanda. Anatuluka chokwawa, nsalu ili kumutu, mawu atatha ndi kulira. Ndinawauza mwachidule. Anayang'ana kuphiri. Phirilo silinkaoneka.

"Sizingadikire mawa?" anafunsa.

"Zina zidikira. Zambiri ayi."

"Mupite tsopano, mubwerere msanga."

"Tsopano n'kozizira. Ndikatsegula ndizipha ndine. Mpaka masana, dzuwa likaboola."

"Masana ndiye mwambo."

"Eya."

M'nyumba nyimbo inatha, ina n'kuyamba.

"Malemu anandiuza kuti inu mudzagwire nawo bokosi, chakumutu," anatero.

"Anandiuzanso ine."

"Sindikutumani, a Mwale. Sindikuletsaninso. Koma thumbalo latuluka m'chipinda mwanga. Auzeni amayiwo atapeko wa ana ndi wa okalamba. Wotsalawo ndi wa eni ake."

Anabwerera m'nyumba. Anandisiyira ine mlandu wonse, ndipo anachita bwino, chifukwa mfedwa sasenzetsedwa zinthu zotere.

Ndinapempha madzi otentha pamoto womwewo wa tiyi. Mayi wina anandithirira mundowa osandiyang'ana. Ndinatakasa shuga pamaso pa anthu onse, chifukwa sindinkaba. A Lufeyo anaima chapatali manja ali kumbuyo. Anthu amene anabwera mochedwa anamwa tiyi wowawa. Ndinasenza ndowa pamutu ngati mkazi, chikwama cha mbale ndi zida chili paphewa, n'kudutsa pakati pa amuna okhala pansi. Palibe anandilonjera. Ndinadumpha masamba amene amayala pamsewu posonyeza maliro, n'kulowa njira ya kuphiri.

Kumeneko ndinakhala pamwala wa a Mbewe n'kudikira. Nkhungu inali yothithikana moti ming'oma inkaoneka ngati ikuyandama yokha, mawaya osaoneka. Madontho ankagwa m'masamba a misuku. Ndowa ndinaikumbatira pakati pa miyendo, nditaifunditsa jekete, kuti isazizire. Sindidziwa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji. Mwina ndinasinza, popeza ndinali ndisanagone bwino masiku onse a kuchipatala. Ndinkamva ngati munthu akupala thabwa chapafupi, kenako n'kuzindikira kuti ndi mphepo.

Chitsulo cha kutchalitchi chinalira kumunsi. Nthawi yomweyo kumwamba kunayamba kuyera, dzuwa linaoneka ngati mbale yoyera, kenako linaboola. Ndinatambasula dzanja. Linamveka.

Ndinayamba ndi ming'oma yopepukitsitsa. Utsi sindinaufune n'komwe, njuchizo zinalibe mphamvu yoluma. Ndinkakanula timatabwa tiwiri takumapeto, kutulutsa mbale youma, kuika yodzaza, kuponyamo zitsononkho, n'kutseka msanga. M'ming'oma ina njuchi zinali zitafooka moti sizikanatha kuyenda kukafika pambale. Pamenepo ndinkaviika nthenga ya nkhanga m'madzi a shuga n'kuwaza pang'ono pamwamba pa gulu lonselo. Ndinaona kanjuchi kamodzi katagona chammbali, miyendo itapindika. Dontho linagwera pafupi ndi mutu wake. Kanatulutsa lilime. Patapita kanthawi kanadzuka, kanapukuta nkhope ndi miyendo yakutsogolo, n'kupita kukagawira kanzake pakamwa.

Nyimbo inayamba kukwera kuchokera kumudzi. Anali atanyamula bokosi. Mawu a amayi ankabwera ndi mphepo, kutha, n'kubweranso, kutsata njira ya kumanda imene imazungulira m'tsinde mwa phiri. Nkhungu inali itatsikira m'chigwa, moti anthuwo sindinkawaona. Ndinkangomva nyimbo ikuyenda pansi pa mtambo woyera, ngati mtsinje wosaoneka. Ndinavula chipewa cha neti n'kuima. Ndinadziwa kuti chakumutu kwa bokosi wagwira munthu wina. Kenako ndinavalanso, chifukwa dzuwa silinkadikira.

Ming'oma iwiri ndinaipeza itazizira kale. Njuchi zinafa mitu ili m'zibowo za zisa, zikufunafuna dontho lomaliza. Ndinaitseka n'kupitirira. Pamene ndinkaika mbale yomaliza, mphepo inali itatembenuka ndipo nkhungu inayambanso kukwera. Kumanda kunali zii. Ndinabwerera ku mng'oma woyamba uja n'kugunditsa khutu. Mawu anali atatsika. Mvula ija ya kuseri kwa phiri inali itayambanso.

Ndinatsika ndi ndowa yopanda kanthu anthu akubalalika. Ena ankasamba m'manja, ena ankamanga katundu panjinga. A Lufeyo anandiona ndikubwera, anadikira mpaka ndifike pafupi.

"Zakhuta?"

"Zakhuta."

"Chabwino. Zidzakukumbirani manda ndi zomwezo."

Ananena motsitsa, koma onse anamva. Ndinatula ndowa, ndinapita ndekha kumanda. Dothi linali lofiira, nkhata za maluwa zili pamwamba. Ndinaima pang'ono. Ndinalibe mawu ambiri, monganso analili mwini wake. Ndinangoti iwiri yapita, inayo ilipo.

Mudzi sunaiwale msanga. Mkulu wa mpingo anabwera kwa mlongo wanga kudzandilangiza, ndinamumvetsera mpaka anamaliza. Pamaliro ena otsatira, ndikakhala pansi amuna ankasuntha pang'ono. Ana ankandiitana kuti a Tiyi-wa-njuchi ndikadutsa. Sindinapepese kwa aliyense ndipo sindinadzitamande kwa aliyense. Mayi Nabanda sanaitchulenso nkhaniyo. Anangonditumizira uthenga kuti ntchito ikadalipo ngati ndikuifuna. Ndikuigwirabe mpaka lero, pang'onopang'ono, ndi ndodo.

Mu Seputembala chaka chimenecho mitengo ya mombo inatulutsa masamba ofiira, phiri lonse linaoneka ngati likuyaka popanda utsi, kenako maluwa anabwera. Ndinkakhala pamwala m'mawa njuchi zikudutsa pamwamba pa mutu wanga, njira yawo ikuwala padzuwa. Zinali zochepa poyamba. Zinachuluka.

Chimene ndinasunga pa tsiku lija si chakuti njuchi ziposa munthu. Siziposa. Ndinasunga chakuti mlimi wa njuchi sayenera kulola kuti zifike poti asankhe pakati pa ziweto zake ndi maliro a mnzake. Shuga ali m'nyumba ya anthu ndi wa anthu, tsiku lina adzamufuna, ndipo adzakhala ndi chifukwa chabwino. Uchi uli mumng'oma palibe angautenge kukathira mu tiyi. Kuyambira pamenepo, mu Juni ndimafula zisa zakumapeto zokha, ndipo chaka chikakhala chouma sindifula n'komwe. Ogula amabwera ndi zigubu, amachonderera, ena amakwiya. Ndimawauza kuti adzabwere mvula ikayandikira. Shuga ndimadyetsabe, koma monga chothandizira, osati monga nkhokwe.

A Lufeyo anamwalira chaka chatha, mu Julayi momwemo, nkhungu itagona pamapiri. Ndinakwera njinga yamoto mpaka ku Chisepo. Ndinagona pamphepo ndi amuna anzanga, ndinamwa tiyi wawo, ndinagwira nawo bokosi mpaka pamene mapewa anga anakanira, ndipo ndinaima pamanda mpaka khasu lomaliza. Ndinakhalako masiku onse amene mwambo umafuna. Kuphiri sindinakuganizire. Ming'oma inali yolemera.